A Felix Mlusu: munthu wa inshuwalansi amene adasunga thumba la dziko

Anyamata anzanga a kunyanja, a ku Makawa, Namiasi, Malembo, Msaka mpaka kutsidya ku Makanjira, lero ndabwera ndi mbiri ya munthu amene ambirife tidangomumva pa wailesi akuwerenga bajeti, a Felix Mlusu. Ndi yaitali pang'ono, koma werengani ndithu musanatumize kwina.

A Mlusu sadakulire m'misonkhano ya chipani ayi. Moyo wawo wa ntchito, zaka makumi angapo, adathera ku kampani ya inshuwalansi ya NICO, mpaka adafika pokhala mkulu wa gulu lonse la NICO Holdings. Iwo ali momwemo, mu 1996, NICO idakhala kampani yoyamba kugulitsa masheya ake pa msika wa masheya wa Malawi ku Blantyre. Pambuyo pake idatambasuka, kukhala ndi gawo mu banki ya NBS, kufika ndi ku Zambia komwe.

Ndifotokoze kaye ntchito ya inshuwalansi, poti kuno timangoidziwira pa kapepala komata pa galasi la minibasi. Anthu ambiri amasonkha pang'onopang'ono m'thumba limodzi, ndiye amene tsoka lamugwera amalipidwa kuchokera momwemo. Luso lonse lagona pa kuwerengera: mwa anthu onsewa, ndi angati amene galimoto yawo igundidwe chaka chino? Ukawerengera molakwa, thumba limauma anthu akadali pa mzere. Munthu wa inshuwalansi amayamba watolera, kulonjeza pambuyo. Wandale amayamba walonjeza, zotolera adzaona konko.

Ndiye taonani. Pa 23 June 2020 kudachitika chisankho chachibwereza, a Lazarus Chakwera adapambana ndi mgwirizano wa Tonse. Sabata isadathe chiwalumbiritsireni, adatenga a Mlusu, amene adali atapuma kale ku NICO ndipo sadali phungu, kukhala nduna ya zachuma. Nthawi idalibe: chaka cha boma chinkatha pa 30 June, choncho adalowa m'Nyumba ya Malamulo ndi bajeti yongogwirizira ya miyezi inayi, ya ndalama pafupifupi K722 biliyoni. M'nthawi yawo ndi momwe mudatuluka zija mukuzikumbukazi: feteleza wa AIP pa K4,495 thumba, malipiro osadulidwa msonkho kukwera kuchoka pa K45,000 kufika pa K100,000, malipiro otsikitsitsa kuchoka pa K35,000 kufika pa K50,000. Zonsezi zikuchitika Covid-19 ili pakati, malire otseka, malo ogona alendo ku Cape Maclear ali gwaa, opanda mzungu ndi mmodzi yemwe.

Apa ndi pamene ine ndimawamvera chisoni pang'ono bambowa. Adapatsidwa malonjezo amene ena adalonjeza pa nsanja, thumba lili lobooka kale ndi ngongole. Ku NICO akadatha kukana kasitomala amene ngozi yake yachuluka. Nduna siyikana dziko. Adakonzanso kuti chaka cha boma chiziyamba mu April, n'chifukwa chake bajeti ya 2021/22 idali ya miyezi 9 yokha. Mu January 2022 a Chakwera adathetsa nduna zonse, ndipo potchula zatsopano mpandowo udapita kwa a Sosten Gwengwe. Pofika May chaka chomwecho kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti. Amene mudafunsa mtengo wa injini ya Yamaha kapena ukonde wa chilimira nthawi imeneyo mukudziwa mmene zidawawira.

Koma chisoni changa chimathera pomwepo, aise, chifukwa ndikayang'ana mndandanda uja ndimafunsa kuti msodzi ali pati? Feteleza ndi wa mlimi, inde enafe timalimako kamunda. Msonkho wochotsedwa ndi wa munthu wolandira pa mwezi. Alovi salandira pa mwezi, amagawana zimene zaphedwa usiku umenewo, atachotsa kaye za mafuta ndi za mwini boti. Usipa ukasowa, palibe K50,000 imene ibwere.

Ndipo palibe amene amakhala pafupi ndi ngozi kuposa ife. Mwera ukayamba mu June mpaka August, boti limatembenuka ndi injini, nyale, makoka ndi anthu omwe. Bambo anga adatayapo ukonde wathunthu usiku umodzi, ngongole yake adabweza zaka ziwiri, palibe ofesi imene akadapitako ndi pepala. Adawadzutsa ndi achimwene awo ndi anzawo a pa doko amene adasonkherana. Imeneyotu ndi inshuwalansi ndithu, ija a Mlusu adagwira moyo wawo wonse, kungoti yathu ilibe buku, ndipo mwera ukamenya doko lonse tsiku limodzi, osonkha ndi osonkheredwa amakhala anthu omwewo.

Ine ndimaona kuti ngati padali nduna yoti ikadamvetsa msanga nkhani ya thumba la asodzi, loti mwini boti aliyense aziponyamo kangachepe nyengo ya usipa, madoko ambiri pamodzi kuyambira Malombe mpaka Monkey Bay, idali imeneyi. Idakhala pampando chaka ndi miyezi pafupifupi isanu ndi iwiri, ikuzimitsa moto wa ena. Inu amene muli m'makomiti a BVC, nkhani imeneyi mukaitenge ku msonkhano wa pa doko, mundiuze zimene akulu akayankhe.