Mpando wa Tsiku Limodzi

M'sutikesi yachitsulo ya kwa mayi anga muli hadikava yakuda imene si yanga. Ndi ya kalabu ya alembi ya pa koleji imene ndinaphunzira. Ndinali mlembi wa kalabuyo kwa zaka zitatu, ndipo tsiku limene ndinalemba mayeso omaliza ndinangoiponya pakati pa mabulangete n'kukakwera basi. Munali mayina a mamembala, maminitsi, malamulo athu, ngakhalenso mndandanda wa amene sanapereke ndalama za umembala. Patangotha zaka ziwiri, kalabu ija inali itafa.

Hadikavayi yakhala ikundibwerera m'maganizo chiyambireni kuwerenga mbiri ya kabungwe kena ka ophunzira ku America, kotchedwa Eta Sigma Phi. Iwo adutsa zaka 100 ali moyo. Ife sitinafike ngakhale zaka khumi. Ndinafuna kudziwa kuti anzathuwa anadya chiyani.

Nkhani yake inayamba mu 1914 pa University of Chicago, pamene ophunzira a Chigiriki ndi Chilatini anayambitsa kagulu kawo n'kukatcha Phi Sigma. Kanali kapasukulu pomwepo basi. Mu 1924 anagwirizana ndi gulu lina lofanana nalo la pa Northwestern University, ku Evanston, kufupi ndi Chicago komweko, ndipo m'pamene dzina linasintha kukhala Eta Sigma Phi. Mu 1927 analilembetsa mwalamulo. Nthambi ya ku Chicago inatchedwa Alpha, ya ku Northwestern Beta, ya ku Ohio University Gamma, kutsata zilembo za Chigiriki. Zilembo 24 zija zitatha, anayamba kuziphatikiza ziwiriziwiri. Sulowamo chifukwa choti wangofuna ayi. Amakuitana ukakhoza bwino Chilatini kapena Chigiriki, giredi B kapena kuposera apo.

Tsono chimene chinandigwira mtima ndi mayina a maudindo awo. Wapampando wa nthambi amamutcha prytanis. Wachiwiri wake ndi hyparchos, mlembi ndi grammateus, msungichuma ndi chrysophylax, kutanthauza mlonda wa golide, ndipo palinso pyloros, mlonda wa pakhomo. Atsogoleri a bungwe lonse m'dzikomo amawawonjezera mawu akuti megas, kapena megale akakhala wamkazi, ndiye kuti wamkulu. Poyamba ndinaseka. Ndinati awa ndi ana asukulu ongofuna kumveka ophunzira. Koma nditafufuza kumene mawu akuti prytanis anachokera, kuseka kunatha.

Ku Athens wakale kunali khonsolo ya anthu 500, anthu 50 kuchokera m'fuko lililonse mwa mafuko khumi a mzindawo. Fuko lililonse linkayendetsa khonsoloyo kwa gawo limodzi mwa magawo khumi a chaka, masiku 35 kapena 36, ndipo anthu 50 amene ali pa ntchito nthawi imeneyo ndiwo ankatchedwa ma prytanis. Ankadyera pamodzi m'nyumba yozungulira yotchedwa Tholos, ena mwa iwo n'kumagona momwemo, kuti ngozi ikagwa usiku boma lipezeke lili maso. Ndiye tamverani izi: tsiku lililonse ankachita mayere kusankha mmodzi mwa iwo kuti akhale wapampando. Munthuyo ankasunga chidindo cha mzinda ndi makiyi a akachisi mmene munkakhala chuma ndi zikalata za boma, kwa usiku umodzi ndi usana umodzi. Mawa lake, makiyi kwa wina. Ndipo sankaloledwa kukhalanso pampandowo kachiwiri.

Wina angati munthu wa masiku ochepa chonchi angachite chiyani? Mu 406 BC, Socrates anali mmodzi mwa ma prytanis pa nthawi imene khamu lokwiya linkafuna kuweruza akuluakulu a nkhondo ya panyanja ya ku Arginusae onse pamodzi, m'malo mozenga mlandu wa aliyense payekha. Iye anakana, ati n'zosemphana ndi lamulo. Sanapambane, anthu aja anaphedwabe. Koma kukana kwake tikukukambabe mpaka lero.

Eta Sigma Phi sisintha mtsogoleri tsiku lililonse, komabe mzimu wake ndi womwewo. Atsogoleri a bungwe lonse ndi ophunzira amene sanatenge digiri yoyamba, ndipo amasankhidwa chaka ndi chaka pa msonkhano waukulu. M'nthambi namonso n'chimodzimodzi. Munthu wangoidziwa ntchito, uyo wavala gauni, wapita. Bungwe lotere limayenera kugwa zaka zinayi zilizonse. Nanga bwanji siligwa?

Ine ndaonapo zinthu zitatu. Choyamba, pali akuluakulu amene amakhalitsa koma sakhala pampando wa ophunzira. Bungweli lili ndi mlembi wamkulu amene amakhala mphunzitsi wa pa koleji, komanso gulu la aphunzitsi loyang'anira chuma. Anthu ngati Brent Froberg ndi Thomas Sienkewicz anagwira ntchito ya mlembi wamkulu kwa zaka zambiri, ma prytanis akubwera ndi kupita. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma m'bungweli mkulu amasunga mabuku, mwana n'kumatsogolera msonkhano.

Chachiwiri ndi kulemba. Ali ndi magazini yawo yotchedwa Nuntius, mawu a Chilatini otanthauza mthenga, ndipo nthambi zimapereka malipoti a zimene zachita m'chakacho. Mukamawerenga, zambiri n'zazing'onozing'ono: talandira mamembala atsopano, tasankha atsogoleri, tinachita phwando la Saturnalia mu December, tinakumbukira imfa ya Julius Caesar pa 15 March, tinawerenga ndakatulo ya Homer mokweza mosinthanasinthana, tinathandiza ana a sekondale Chilatini. Palibe chodabwitsa. Koma wa chaka choyamba akafika, amapeza njira yopondedwa kale. Nthambi zina zimazilala ndithu, kukhala zaka osakumana, kenako ophunzira ena n'kudzazidzutsa pa dzina lomwe lija, poti dzinalo linalembedwa penapake.

Chachitatu ndi ntchito zimene sizidalira nkhope ya munthu. Chaka chilichonse pamakhala mpikisano womasulira Chilatini ndi Chigiriki, wotchedwa ndi dzina la Maurine Dallas Watkins. Mayi ameneyu anali mtolankhani wa Chicago Tribune mu 1924, ankalemba za milandu yakupha, ndipo kuchokera m'milanduyo analemba sewero lotchedwa Chicago mu 1926, lomwe lija linadzakhala filimu yotchuka ya mu 2002. Atamwalira mu 1969 anasiya ndalama zothandizira maphunziro a zilankhulo zakalezi. Palinso thandizo lotumiza mamembala kukaphunzira ku Athens, ku Rome ndi kudera la Naples m'nyengo yatchuthi, ndipo pa msonkhano wapachaka pamakhala mpikisano wa mafunso wotchedwa certamen. Kaya prytanis wa chakacho ndi wakhama kaya ndi waulesi, tsiku la mpikisano limafika basi.

Pali chinthu china chimene sindingachilambalale. Pa University of Chicago pomwepo, pamene panabadwira bungweli, panaphunziranso mnyamata wina wochokera ku Kasungu, amene anatenga digiri yake mu 1931: Hastings Kamuzu Banda. Ankakonda Chilatini ndi Chigiriki kwambiri moti atatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama mu 1981, analamula kuti ana aziphunzira zilankhulo ziwirizi. Komanso ndi munthu yemweyo amene mu 1971 anakhala pulezidenti wamuyaya, mpaka zinatengera referendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994 kuti makiyi apite kwa wina. Sindikufuna tikangane za ndale pano. Ndikungoti munthu ukhoza kuwakonda Agiriki ndi mtima wonse, n'kutengako galamala yawo, koma mpando wa tsiku limodzi uja n'kuusiya komweko.

Ndipo ndisaloze chala patali. Wapampando wa kalabu yathu tinamusankha katatu kotsatizana. Sanakakamire iye, tinamukakamiza ndife. Ankalankhula bwino, ankadziwana ndi aphunzitsi, ndiye chaka chilichonse tinkangoti, "Aise, ungopitiriza, palibenso wina angathe." Inenso chimodzimodzi ndi hadikava yanga ija. Mtsikana wina wa chaka choyamba anandipemphapo kuti alembeko maminitsi tsiku lina. Ndinamuyankha kuti, "Udzalemba ukadzakula," anthu n'kuseka. Sanabwerenso. Tonse a m'komiti tinamaliza sukulu chaka chimodzi, tsiku limodzi, ndipo otsalawo sankadziwa ngakhale kumene tinkapempha kiyi wa chipinda chokumaniramo.

Kale ndinkati kalabu yathu inafa chifukwa ana a masiku ano sakonda kuwerenga. Bodza. Inafa chifukwa tinali atsogoleri abwino amene sanaphunzitse aliyense kukhala popanda ife. Kusintha atsogoleri tinkakuona ngati ngozi yofunika kuipewa, pamene anzathu a ku Chicago anakutenga ngati ntchito yeniyeni ya bungwe, n'kumanga zina zonse mozungulira kusinthako.

Ngati muli ndi udindo penapake, kaya m'kwaya, m'banki m'khonde, m'timu ya mpira kapena m'gulu la WhatsApp la anzanu akusukulu, tadzifunsani: nditachoka mawa, ndani akudziwa pamene pali buku? Ndani anayendetsapo msonkhano ine nditakhala kumbuyo, pakamwa nditatseka?

Mwezi watha mwana wa achemwali anga, amene ali pa koleji yomwe ija, anandiuza kuti iye ndi anzake anayi akufuna kuyambitsa kalabu ya alembi. Anandifunsa ngati inayamba yakhalapo. Ndinachita manyazi kuyankha. Loweruka likubwerali ndikupita kwa mayi kukatsegula sutikesi ija.