Fayilo ya .orig Imanena Chiyani?

Aliyense wosamalira seva, kaya mu ofesi ya ku City Centre kapena m'kachipinda ka ku Area 47, tsiku lina amapeza fayilo yomwe sanalembe yekha. Dzina lake n'lofanana ndi la fayilo ina, kungoti kumapeto kuli .orig. Ena amaifufuta osaitsegula, ena amaisiya zaka ndi zaka. Koma funso loyamba n'lakuti waisiya ndani, ndipo bwanji waisiya.

Kawirikawiri woisiya ndi patch, kapulogalamu komwe Larry Wall anatulutsa mu 1985. Mnzake wa patch ndi diff, ya Douglas McIlroy wa ku Bell Labs, yomwe inatuluka ndi Unix mu 1974. Diff imayerekeza mafayilo awiri n'kulemba mizere yosiyana yokha. Patch imatenga mizereyo n'kukaisokerera mu fayilo ya pakompyuta ina. Motero simutumiza pulogalamu yonse koma chigamba chokha, ndipo kuno komwe bandulo imatha ntchito isanathe, phindu lake silifuna kufotokoza.

Chigamba chimagawika m'zidutswa zotchedwa hunk. Chidutswa chilichonse chimanena nambala ya mzere woyambira, ndipo chimanyamulanso mizere yozungulira malowo, kawirikawiri itatu pamwamba ndi itatu pansi. Patch ikapeza mizereyo itasunthira pena, imasokabe n'kulengeza offset. Mizere ya m'mphepete ikasiyana, imatha kunyalanyaza mpaka iwiri, ndiyo fuzz imeneyo. Zikakanikiratu, chidutswacho chimaponyedwa mu fayilo ya .rej kuti munthu achiike ndi manja.

Atelala a mu Msika wa Lilongwe akamachepetsa thalauza, wina amadula nsalu n'kutaya, wina amaipinda mkati kuti mwini akanenepa adzamasule. Fayilo ya .orig ndi nsalu yopindidwayo: fayilo monga inalili isanasinthidwe. Vuto n'lakuti dzina la patch ndi limodzi koma atelala ake ndi angapo.

Patch yakale, kufikira 2.1, inkasunga .orig nthawi zonse, osadikira kuuzidwa. Malamulo a POSIX amafuna zosiyana: osasunga kanthu pokhapokha mwini atalemba -b. GNU patch, yomwe ili mu Ubuntu ndi Debian, inaima pakati. Chigamba chikalowa ndendende siisiya kanthu, koma chikalowa ndi offset kapena fuzz imasunga .orig, pokhapokha mutaikaniza ndi --no-backup-if-mismatch kapena --posix. Ya OpenBSD ndi FreeBSD inapitiriza mwambo wakale wosunga nthawi zonse. Ngakhale -b weniweniyo anasintha ntchito. Kale ankatsatidwa ndi mawu oti aikidwe kumapeto kwa dzina m'malo mwa .orig. Lero amangotanthauza kuti sungani, ndipo ntchito yakale ija inapita kwa -z. Skripiti yolembedwa m'masiku akale ikathamanga pa makina atsopano, patch imatha kutenga mawu aja ngati dzina la fayilo yoti ikonze.

Choncho fayilo imodzimodziyo imanena zinthu ziwiri. Pa BSD imangonena kuti patch yadutsa apa. Pa Linux, ngati simunalembe -b, ikukuchenjezani kuti chigamba sichinakwane bwino ndipo patch yachita kuganizira poika. Woifufuta osayerekeza mafayilo awiriwo wataya chenjezo. Ku Lilongwe si nkhani yakutali: mapulogalamu osunga mbiri ya odwala omwe Baobab Health Trust inapanga analembedwa mu Ruby on Rails n'kumayenda pa Linux, ndipo pa ntchito yotero mzere umodzi woikidwa polakwika si wochepa.

Palinso msampha wina. Njira yosungira yotchedwa simple imagwiritsa dzina limodzi, kotero chigamba chachiwiri chimafufuta .orig ya choyamba, ndipo yomwe mukuyesa yoyambirira imakhala itasinthidwa kale. Mankhwala ake ndi -V numbered, yomwe imasiya mayina othera ndi .~1~, .~2~ ndi otsatira. Komanso .orig yoiwalika pa seva ya webusaiti ndi yoopsa: config.php imathamangitsidwa, koma config.php.orig imatha kuwerengedwa ndi mlendo aliyense, mapasiwedi ali momwemo.

Git, yomwe Linus Torvalds anayamba mu 2005, inatenga njira ina. Lamulo la git apply silisiya .orig, ndipo chidutswa chimodzi chikakana, chigamba chonse chimakanidwa, mafayilo osakhudzidwa, pokhapokha mutalemba --reject. Mbiri imakhala m'nkhokwe ya Git momwemo. Komabe git mergetool imasiyabe .orig ikatha kuyanjanitsa mafayilo otsutsana, choncho dzinali silinafe.

Wolemba skripiti yoti idzayende pa makina a anthu ena asadalire zomwe patch imachita ikapanda kuuzidwa, chifukwa n'zimene zasintha kwambiri kuyambira 1985. Ayambe ndi patch --version kuti adziwe ali ndi iti. Pa GNU ayese kaye ndi --dry-run, yomwe imanena zomwe zichitike osasintha fayilo. Kenako alembe poyera: -b ndi -V numbered ngati akufuna zosunga, --no-backup-if-mismatch ngati mbiri ili kale mu Git. Zilembo zochepazo n'zotsika mtengo poyerekeza ndi usiku wofufuza fayilo yomwe munkaganiza kuti inasungidwa.