SIKELO YA KU BRADFORD

Tikamaona ana athu akuthamangira ku sukulu m'mamaŵa, kapu ya phala ili m'manja, sitiganiza kuti kale anthu adakangana koopsa pa nkhani ya kudyetsa mwana wa sukulu.

Ku England lamulo lokakamiza ana kupita ku sukulu lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1880. Ana a amphaŵi adadzaza makalasi, ambiri a iwo m'mimba muli pululu, ndipo aphunzitsi ankaŵaona akuodzera dzuŵa lisanakwere. Mayi Margaret McMillan, amene adasankhidwa m'bungwe la sukulu za mu mzinda wa Bradford mu 1894, adadandaula kuti kuphunzitsa mwana wanjala n'kungotaya nthaŵi. Olemera adayankha kuti boma likayamba kudyetsa ana, makolo achita ulesi. Mau ameneŵa ngosavuta kuŵanena munthu ukakhuta.

Chimene chidatembenuza mitima ya akuluakulu, ndikuchita manyazi kunena, sichidali chifundo ai, koma nkhondo. Pa nkhondo ya Mabunu ya ku South Africa, kuyambira 1899 mpaka 1902, anyamata ochuluka ofuna usilikali adabwezedwa chifukwa adali onyentchera, opinimbira ndi a mano oola. Apo boma lidachita mantha. Mu 1906 Nyumba ya Malamulo idalola makhonsolo kugwiritsa ntchito ndalama za msonkho podyetsa ana osauka. Idangoloza, osalamula, ndipo makhonsolo ambiri adangokhala phee.

Ku Bradford sadazengereze. Mu 1907 dotolo wa sukulu, Ralph Crowley, adatenga ana pafupifupi 40 a m'makomboni, naŵapatsa chakudya cha m'maŵa ndi cha masana, namaŵayeza pa sikelo kaŵirikaŵiri. M'maŵa ankalandira phala la oats lothira mkaka, chakudya chimene pafupifupi onse sadalaŵepo kwao. Tsiku loyamba ambiri adalikana, poti ngakhale mwana wanjala amanyansidwa ndi chimene sadachizoloŵere. Koma poona anzao akudya, m'masiku oŵerengeka okha onse adayamba kupukuta mbale. Sikelo idakwera sabata ndi sabata. Itafika holide, ana atabwerera ku mphika wa kwao, sikelo idatsika. Atatsekulira sukulu idakweranso. Umboni wotere palibe loya akadautsutsa.

Mu 1944 lamulo lidakakamiza makhonsolo onse kupereka chakudya cha masana. Koma mu 1980 boma lidachotsa malamulo onena za zofunika kupezeka m'mbale ya mwana, ndipo achinyamata, ataŵasiya kuti azisankha okha, adatsata chipisi ndi zakumwa zotsekemera. Zidukulu za ana onyentchera aja zidayamba kudwala kunenepa. Padapita zaka zoposa 20 malamulowo asanabwezeretsedwe, ndipo ataŵakhwimitsa mu 2006, amayi ena a ku Rotherham adaoneka akupatsira ana ao chipisi pa mpanda wa sukulu.