Mbiri ya Aseniki ndi Madzi a M'munda wa Mpunga

Mpunga umene mugula pa msika wa Chigumula kapena ku Limbe uchokera kutali, ku madambo a Nyanja ya Chilwa, ku Nkhotakota ndi ku Karonga. Lero tikambe za chiphe china chotchedwa aseniki, ndi m'mene anthu anadziwira njira yake yolowera mu mpunga.

Aseniki apezeka pang'ono m'dothi liri lonse. Pa nthaka youma agwidwa ndi dzimbiri la m'dothimo, ndipo savuta. Koma madzi akaima m'munda masiku ambiri, mpweya utha pansi. Pamenepo tizilombo ta m'dothi tosaoneka ndi maso tiyamba kusungunula dzimbiri lija, aseniki namasuka, nalowa m'madzi, mizu ya mpunga niimwa.

Ena mwa amene anaona zotsatira zake anali alimi a ku Arkansas, m'dziko la America. Kumeneko kale anali kuthira mankhwala a aseniki m'minda ya thonje. Atabzala mpunga m'minda yomweyo, ngala zambiri zinaima chiriri, mankhusu okhaokha opanda maso. Alimi anapeza kuti akakhetsa madzi, dothi niliuma mpunga usanabereke, nthendayo ichepa. Masiku ano akatswiri adziwa kuti tizilombo tina tisandutsa aseniki kukhala mtundu umene uletsa ngala kukhwima.

Phunziro lowawa linachokera ku Bangladesh. Kuyambira m'zaka za 1970 anakumba zitsime zambirimbiri za mipope kuti anthu aleke kumwa madzi a m'maiwe. Mu 1993 kunadziwika kuti madzi a zitsime zambiri ali ndi aseniki, womasulidwa ndi tizilombo tomweti pansi pa nthaka. Anthu ochuluka anadwala nthenda za pakhungu ndi khansa, ndipo madzi omwewo ndiwo anali kuthirira mpunga. Mu 2008 akatswiri a ku Japan ndi a ku England anaonetsa kuti aseniki alowa m'mizu pa khomo lomwe mpunga ulandirira silikoni, chakudya cholimbitsa mapesi ake.

Nanga kuno kwathu? Pamene mpunga wa m'Malawi unapimidwa, lipoti la 2017 linati aseniki ake ngwochepa. Musade nkhawa tsono, idyani mpunga wanu. Koma pali chinthu chimodzi. M'masiku a Nyasaland ng'ombe zinali kusambitsidwa m'madibi a mankhwala a aseniki, ndipo aseniki saola; akhala m'dothi zaka zambiri.

Chifukwa chake, inu mafumu, pogawa malo musapereke dimba la mpunga kunsi kwa dibi lakale, ndiponso musalole chitsime pafupi nalo. Akulu a m'mudzi akumbukira pamene madibiwo anali, afunseni. Inu alimi a m'masikimu, funsani mlangizi za kukhetsa madzi masiku owerengeka kuti dothi lipume. Tsalani bwino.