MUDZI WA SARIKÖY NDI MLAKATULI WAKE

Bismillahir Rahmanir Rahim.

Abale ndi alongo m'Chisilamu, pa chisangalalo cha Idi ino tati tikutengereniko ku dziko la Turkey, m'chigawo cha Eskişehir, komwe kuli kamudzi kena m'mphepete mwa njanji. Kale kankatchedwa Sarıköy, koma lero kakudziwika ndi dzina la munthu amene eni mudziwo amati anagona pamenepo, mlakatuli Yunus Emre. Chaka ndi chaka m'mwezi wa May anthu amasonkhana pamanda pake, nachita duwa, kenaka n'kuyamba kulakatula ndi kuyimba ndakatulo zake.

Yunus anabadwa cha m'ma 1240 ndipo anamwalira cha m'ma 1320. Inali nthawi yowawa. Mu 1243 ankhondo a chi Mongol anagonjetsa mafumu a chi Seljuk pa Köse Dağ, ndipo amene anasauka nazo kwambiri ndi alimi a m'midzi. Tsono masiku amenewo munthu wophunzira ankalemba m'Chiarabu kapena m'Chiperezi. Ngakhale Shehe Jalaluddin Rumi wa ku Konya, amene anamwalira mu 1273, ankalemba m'Chiperezi. Chiteki chinkaoneka ngati chilankhulo cha abusa ndi amayi a pamtondo basi.

Apa m'pamene pagona nkhani. Yunus anatenga chilankhulo chonyozekacho n'kuyamba kunenera za umodzi wa Allah (S.W.T.), za chikondi cha Mtumiki Muhammad (S.A.W.), za imfa ndi manda, m'mawu oti nkhalamba yosadziwa ngakhale alifu imve bwinobwino. Eetu, anthu analoweza, napatsirana pakamwa mibadwo ndi mibadwo. Buku lake la malangizo, Risaletü'n Nushiyye, analilemba cha m'ma 1307.

Pali nthano imene akumudziko amaikonda zedi. Amati Yunus anatumikira mphunzitsi wake, Shehe Tapduk Emre, zaka 40 akumutolera nkhuni, ndipo sanabweretsepo chikuni chokhota ndi tsiku limodzi lomwe, poti pakhomo pa shehe sipayenera kulowa chokhota. Kaya zinachitikadi choncho, ife tingoti ndi nthano, koma amene anatolapo nkhuni kuthengo akudziwa kuti zowongoka n'zosowa.

Manda akewo nawo ali ndi mbiri. Poti anali pafupi kwambiri ndi njanji, mu 1949 mafupa anasamutsidwira pamalo ena chapompo, khamu la anthu likuonerera, ndipo mu 1970 anawasamutsanso kuwaika pamene ali lero. Za kuyendera manda a mashehe tikudziwa kuti sitigwirizana tonse. Imeneyo tiwasiyire ma Ulama athu, lero ndi Idi.

Koma musadabwe kumva kuti Sarıköy sali yekha. A ku Karaman amati ayi, Yunus anagona kwathu kuno, ndipo malo enanso angapo m'dzikomo ali ndi manda omwe amawatchula dzina lomweli. Ophunzira akhala akukangana mpaka kutopa. Ife tikuona kuti mkanganowu ukuchokera poti aliyense akamva ndakatulozo amangoti, uyu ndi wakwathu, akuyankhula ngati agogo anga.

Bungwe la UNESCO linapatula chaka cha 1991 kukhala chokumbukira Yunus Emre, ndipo mu 2009 boma la Turkey linaika chithunzi chake pa ndalama ya pepala ya 200 lira. Munthu wotola nkhuni uja, pa ndalama!

Idi Mubarak kwa inu nonse ndi mabanja anu.