Tsamba la pa intaneti: limapangidwa bwanji, nanga mwini wake mumamudziwa bwanji?

Mukatsegula foni n'kuona nkhani za m'dziko, zotsatira za mpira kapena cilengezo ca nchito, nthawi zambiri cimene mukuonaco ndi tsamba la pa intaneti. Ngakhale nkhani mukuwerengayi ili pa tsamba lotero. Ena amaganiza kuti masamba amenewa amangotuluka okha m'makina. Ayi ndithu. Tsamba lililonse lili ndi munthu amene analikonza, ndipo analikonza ndi zilembo zomwezi mwaphunzira m'kalasi. Mukadziwa m'mene tsamba limapangidwira, simuliopanso, komanso akuba sangakupusitseni msanga.

Kodi zinayamba liti?

M'caka ca 1989, Tim Berners-Lee, wa ku Britain, ankagwira nchito ku CERN, malo aakulu ofufuza za sayansi pafupi ndi mzinda wa Geneva ku Switzerland. Kumeneko kunali akatswiri ocokera m'maiko ambiri, aliyense ndi kompyuta yamtundu wake. Kuti wina apeze zimene mnzake walemba, zinali zovuta. Berners-Lee anaganiza njira yoti zolemba zonse zikhale ndi adiresi, ndipo cikalata cimodzi cizitha kuloza ku cinzake.

Mu 1990 anakonza tsamba loyamba, ndipo mu 1991 anthu a kunja kwa CERN anayamba kulidziwa. Adiresi yake inali info.cern.ch. Linalibe zithunzi, linali mawu okhaokha. Pa 30 Epulo 1993, a CERN analengeza kuti aliyense angagwiritse nchito njira imeneyi popanda kulipira. N'cifukwa cake lero munthu wa ku Ulónguè kapena ku Metangula angalembe tsamba lake osapempha cilolezo kwa amene anayambitsa.

Tsamba limafika bwanji pa foni yanu?

Masamba sakhala m'foni mwanu. Amasungidwa m'makompyuta ena amene amakhala oyatsa usana ndi usiku. Kompyuta yotere dzina lake ndi seva. Muiganizire ngati nkhokwe.

M'foni mwanu muli pulogalamu yokatenga masamba ku nkhokweko, monga Chrome, Firefox kapena Opera Mini. Pa Cipwitikizi amati navegador. Mukalemba adiresi, navegador amapita kukapempha tsambalo ku seva, seva n'kutumiza zolembazo, navegador n'kuziyala pa galasi la foni kuti muwerenge.

Ulendo umenewu ndi umene umadya ma mega anu. Cilembo cimodzi wamba cimalemera baiti imodzi, ndipo mega imodzi ndi mabaiti pafupifupi 1 000 000. Conco mawu ndi opepuka kwambiri. Nkhani yonseyi siyifika n'komwe pa mega imodzi. Koma cithunzi cimodzi cojambula ndi foni cingathe kupitirira mega, ndipo vidiyo ndiye imameza zambiri. Mega zikatsala pang'ono, werengani mawu, vidiyo isiyeni kaye.

Zilankhulo zitatu zomangira tsamba

Omanga masamba amagwiritsa nchito zilankhulo zitatu zimene navegador amamva. Tiyerekeze ndi kumanga nyumba.

Coyamba ndi HTML. Imeneyi ndiye njerwa ndi mitengo ya denga. Imanena kuti apa ndi mutu wa nkhani, apa ndi ndime, apa pakhale cithunzi. Anaiyambitsa ndi Berners-Lee yemweyo.

Caciwiri ndi CSS. Imeneyi ili ngati kuzira pansi ndi kupaka laimu kukhoma. Imanena mtundu wa zilembo, kukula kwake ndi malo amene cinthu ciliconse cikhale. Maganizo ake anabwera ndi Håkon Wium Lie, wa ku Norway, mu 1994, ndipo malamulo ake oyamba anatuluka mu 1996.

Cacitatu ndi JavaScript. Imeneyi ili ngati citseko ndi loko, zinthu zimene zimayenda mukazikhudza. Mukadina batani tsamba n'kusintha, kapena likakuuzani kuti mwaiwala kulemba nambala ya foni, nthawi zambiri ndi JavaScript ikugwira nchito. Anailemba Brendan Eich ku kampani ya Netscape ku America mu 1995.

Nyumba yosazira ndi nyumba ndithu. N'cimodzimodzi tsamba: ndi HTML yokha limaoneka ndi kuwerengeka.

Onani m'mene HTML imalembedwera

Nayi mizere iwiri:

<h1>Moni nonse</h1>
<p>Ndikugulitsa nyemba ndi mbatata.</p>

Zizindikiro zosongoka zija, < ndi >, zimatsekera lamulo. Lamulo la h1 likuuza navegador kuti mawu otsatirawo ndi mutu waukulu. Lamulo la p likuti ndi ndime. Pamene pali kamzere kopendekeka, /, ndiye kuti lamulolo lathera pomwepo. Wowerenga saona malamulowa. Amangoona mutu wa zilembo zazikulu ndi ciganizo pansi pake.

Mwaona? Malamulo anacokera ku Cingelezi, koma mawu a pakatiwo ndi anu. Mungalembe m'Cinyanja, m'Cinyungwe, m'Ciyao kapena m'Cipwitikizi, navegador sakana.

Ngati mungapeze kompyuta ya Windows, kusukulu kapena kwa mnansi, yesani. Tsegulani Bloco de Notas, imene pa Cingelezi ndi Notepad. Lembani mizere iwiri ija. Posunga, lembani dzina lakuti moni.html. Kenako dinani kawiri pa dzinalo. Tsamba lanu loyamba litseguka, ngakhale popanda intaneti. Panopa likuoneka pa kompyuta yokhayo. Kuti ena alione, liyenera kuikidwa pa seva.

Mungathenso kusuzumira kuseri kwa tsamba la eni. Pa kompyuta, mu Chrome kapena Firefox, dinani mabatani a Ctrl ndi U nthawi imodzi. Mudzaona HTML yake. Mizere idzakhala yambirimbiri, musadandaule. Fufuzani p kapena h1, mudzawapeza ngati anzanu akale pamsika.

Amene amacita nchitoyi tsiku ndi tsiku ali ndi zipangizo zina. Visual Studio Code ndi pulogalamu yaulere ya Microsoft yolemberamo, imene imapaka malamulo mitundu kuti colakwa cioneke msanga. WordPress, imene inayamba mu 2003, imathandiza munthu kukonza masamba ngakhale asakudziwa HTML kwenikweni.

Poti aliyense angalembe, samalani

Apa ndiye pagona nkhani. Mwaona kuti kupanga tsamba si matsenga. Wakuba nayenso amadziwa zimenezi. Angatenge cizindikiro ca banki, mitundu ya kampani ya mafoni kapena mbendera ya dziko, n'kuziika pa tsamba lake. Kenako amakutumizirani uthenga pa WhatsApp kapena SMS woti mwapambana mphatso, kapena woti akaunti yanu itsekedwa lero mukapanda kudina. Maonekedwe a tsamba sakuuzani mwini wake. Cimene cingakuthandizeni ndi adiresi, imene imaoneka m'kabokosi ka navegador, pamwamba kapena pansi pa galasi.

Tiyeni tiwerenge imodzi: https://www.uem.mz/

Dumphani https:// ija. Pitani mpaka pa kamzere kopendekeka koyamba, muime. Tsopano werengani cobwerera m'mbuyo. Mawu omalizira ndi mz, kutanthauza Mozambique. Patsogolo pake pali uem, dzina la mwini, Universidade Eduardo Mondlane ya ku Maputo. Maiko ena nawonso ali ndi zilembo zawo: mw ndi Malawi, zm ndi Zambia, pt ndi Portugal, br ndi Brazil. Maadiresi othera ndi gov.mz ndi a boma, monga portaldogoverno.gov.mz. Palinso com ndi org, zimene si za dziko limodzi, ndipo munthu aliyense angagule dzina lothera motero.

Tsopano onani iyi: gov.mz.example.com/

Poyamba ikuoneka ngati ya boma, eti? Werengani cobwerera m'mbuyo. Ikuthera ndi example.com, ndiye mwini wake ndi ameneyo. Mawu akuti gov.mz angoikidwa kutsogolo ngati covala cobwereka. Dzina la example.com linasungidwa kuti lizigwira nchito pophunzitsa, koma akuba amacita cimodzimodzi ndi maina awo. Ena amangosintha cilembo cimodzi, kapena kuika nambala 0 pamalo pa cilembo o. Apa ndi pamene kuwerenga cilembo ndi cilembo, monga munkacitira masiku oyamba m'kalasi, kumakupulumutsani.

Nanga s wa mu https? Iye akusonyeza kuti zimene mukulemba zikuyenda zobisika pakati pa foni yanu ndi seva, kuti wa panjira asaziwerenge. Navegador wina amaonetsa kaloko pafupi ndi adiresi. N'zabwino, koma sizitanthauza kuti mwini tsamba ndi wacilungamo. Wakuba nayenso angakhale ndi kaloko pa tsamba lake.

Zoti mukumbukire

Musanalembe dzina, nambala ya BI kapena ya foni pa tsamba, werengani kaye adiresi. PIN ya M-Pesa, e-Mola, mKesh kapena ya khadi la ku banki musailembe pa tsamba limene mwafikapo podina linki ya mu uthenga, ndipo musauze munthu aliyense. Uthenga ukakufulumizitsani kwambiri, inu ndiye mudekhe. Mukakaika, tsekani tsambalo, mupite nokha ku ofesi ya banki kapena ku sitolo ya kampani ya foni mukafunse.

Yesani lero

Tsegulani masamba atatu amene mumawakonda. Koperani adiresi ya lililonse m'kope lanu. Ikani mzere kunsi kwa dzina la mwini, ndipo muzungulize zilembo zomalizira. Kenako, m'kope momwemo, lembani mizere iwiri ya HTML, wa mutu ndi wa ndime, yonena za nchito yanu kapena za mudzi wanu. Mupite nayo ku kalasi, mukasonyeze anzanu ndi aphunzitsi.