Kuumba Malata Pang'onopang'ono Popanda Chikombole

Kuumba malata pang'onopang'ono ndi njira yopangira zinthu zolowa mkati, monga mbale kapena chikho, kuchokera ku lata lathyathyathya. Latalo amalipana m'mbali monse. Kenako kandodo kachitsulo ka mutu wobulungira, koyendetsedwa ndi kompyuta, kamazungulira pamwamba pake n'kumalikankhira pansi, kawirikawiri osapitirira milimita imodzi pa mzere uliwonse.

Mbiri yake

Edward Leszak analembetsa luso lotere ku United States mu 1967, koma linakulira ku Japan. Kumeneko katswiri wina, Iseki, analiyesa mu 1989, katswiri winanso, Matsubara, n'kuwonjezera chochirikiza lata kunsi mu 1994, ndipo kampani ya Amino inayamba kupanga makina ake. Ford inaonetsa makina okankha lata mbali zonse ziwiri mu 2013, Nissan mu 2019.

Malire a lata

Popeza m'mbali n'mopanidwa, khoma la chinthu choumbidwacho limatalika podya kuchindikala kwa lata lomwelo. Likapendekeka madigiri 60 kuchokera pamene lata linali lathyathyathya, kuchindikala kumatsala theka. Aluminiyamu wofewa amang'ambika cha m'ma madigiri 70, choncho khoma loima chilili silitheka ulendo umodzi.

N'chifukwa chake amaumba m'magawo. Gawo loyamba limatulutsa khoma logona, otsatirawo n'kumalidzutsa, kuti kupyapyala kugawikane mpaka pansi pa chikho m'malo mounjikana pamodzi. Mu 2008 akatswiri a ku Technical University of Denmark anaimika khoma la chikho pa magawo asanu, kandodo nthawi zina kakuyenda chokwera. Vuto n'lakuti pansi pa chikho pamatsala mizere ngati masitepe. Kutenthetsa lata, makamaka la titanium, kumathandizanso kuti lisang'ambike msanga.

Dzina

Achingerezi amati incremental sheet forming. A ku Amino anakonda dzina loti dieless forming, kutanthauza kuti chikombole palibe, ndipo dzinali ndi lokoma chifukwa likunena chimene chimasangalatsa amisiri: chikombole chachitsulo n'chodula, chimatenganso nthawi kusema. Pa Chichewa mawu oti kuumba akukwanira bwino kuposa kusula kapena kupinda. Amene anaonapo mayi akukweza khoma la mbiya ndi chala, kuzungulira, kubwererapo, kuzunguliranso, sangavutike kumvetsa chifukwa chake lata salikakamiza kamodzi.

Njirayi ingathandize popanga zinthu zochepa, monga zigamba za chigaza cha wodwala kapena mabodi a magalimoto akale. Pa zinthu zambiri si yoyenera, chifukwa chinthu chimodzi chimatenga mphindi zambiri, pomwe makina odinda amachitulutsa m'masekondi.